Kalongonda wa Martina

Munthu akatopa ndi nkhwani amadandaula mokweza, anthu n'kumumvera chisoni. Koma wotopa ndi nyama akadandaule kwa yani? Angomuseka kuti wakhuta. N'chifukwa chake Lackson anangokhala duu pakhonde, mbale ya nthiti za mbuzi ili pamiyendo, ntchentche zikudya m'malo mwake.

Imeneyi inali sabata yachisanu ndi chimodzi. M'mawa chiwindi, masana nthiti, madzulo matumbo okulunga. Likakhala Lamulungu, mutu wa mbuzi ndi mapazi ake omwe.

Zinayamba tsiku la msika wa ku Mitundu. Lackson akubwerera kwawo ku Nathenje ndi mbuzi zitatu panjinga yamoto, amuna anayi anamutchingira pakamlatho dzuwa likuswa mtengo. Chikwanje choyamba chinamupeza paphewa, chachiwiri m'nthiti. Mbuzi zinapita, njinga inapita, iye anatsala chigonere m'fumbi akumva fungo la magazi ake omwe. Ku chipatala cha Nkhoma anamusoka bwinobwino, ndipo pomutulutsa namwino anauza amayi ake kuti mabala otere amapola ndi zakudya zomanga thupi. Amayi akewo, a Nambewe, ali ndi butchala pa Nathenje chimwalirireni amuna awo. Pamawu onse a namwino, iwo anamvapo liwu limodzi limene silinatchulidwe n'komwe: nyama.

"Magazi unataya aja abwerere," ankatero poika mbale. "Anzako akadwala amadya bonongwe. Iwe unabadwa ndi mwayi."

Chimene sankadziwa n'chakuti chichokereni kuchipatala, Lackson akangomva fungo la nyama ankabwerera pakamlatho paja, mtima n'kuyamba kuchita nseru. Masiku oyamba ankameza mokakamiza. Kenako analephereratu. Amene anapindula ndi Mwatitha, galu wapakhomopo. Galu amene nthiti zake zinkawerengeka uli kutsidya la msewu tsopano ankanyezimira ngati wadzola mafuta.

Foni inanjenjemera. Anali Martina, bwenzi lake la ku Mitundu.

"Lero akupatsani chiyani?"

"Nthiti. Mwatitha wathokoza."

"Inu mufa ndi njala galu akunenepa. Auzeni amayi."

"Mwana wa a Nambewe akane nyama? Pa Nathenje pano ndingayendenso?"

"Ndiye mabala apola ndi manyazi?"

Lackson anaika foni pambali. Patapita kanthawi unabwera uthenga wina.

"Mawa masana mukandidikire kuseri kwa chigayo chakale. Musadye kanthu."

"Kusadya ndiye ndikukudziwa," analemba Lackson, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo.

*

Chinkhoswe chawo chinali chitatsala masabata atatu. Amalume a Lackson anali atavomera, ankhoswe atagwirizana za Loweruka lake, koma a Nambewe anavomera mano ali gwa. Kwa iwo Martina anali ndi milandu iwiri. Woyamba, anali mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya. Wachiwiri, makolo ake anachokera ku Mulanje. Zoti mtsikanayo anabadwira ku Mitundu komweko, ali ndi benchi yake ya nyemba ndi mtedza mumsika, sizinkawakhudza. Iwo mtima wawo unali pa Everlyn, mwana wa mnzawo wa ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, wokhala ndi saluni pafupi ndi siteji.

Lackson anauza amayi ake kuti adokotala anati aziyendayenda. Anafika kuseri kwa chigayo akutsimphina, n'kupeza Martina wakhala pamuzu wa mango, bakuli lili m'chitenje.

"Mwatha, a Laki," anatero Martina atamuyang'ana kuyambira kumutu. "Lamba wameza zibowo ziwiri."

"Zitatu."

Anavundukula bakuli. Munali nandolo wotendera, pambali mazira awiri owiritsa ndi mbatata. Lackson ananunkhiza kaye mwamantha ngati mwana wopatsidwa mankhwala. Mtima sunachite nseru. Anadya mpaka kupukuta bakuli ndi chala.

"Pang'onopang'ono, sindilanda."

"Iwe, nandolo ameneyu wachokera kumwamba?"

"Wachokera kuseri kwa nyumba yathu. Inu a kuno mumayesa chomanga thupi ndi chokhacho chimene chimalira pochipha."

Kuyambira tsiku limenelo Martina ankakwera kabaza wa njinga yamoto Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, fumbi la Okutobala likumuyeretsa nsidze. Sankabwereza ndiwo. Lero usipa wofutsa ndi nsinjiro, ulendo wina nzama zophika ndi chimanga, kapena khobwe wosenda makoko n'kupota mpaka kusanduka chipere. Tsiku lina anabweretsa chambiko m'botolo, china phala la soya lothira chiponde, n'kumusiyira mtedza wokazinga woti azibisa m'thumba la jekete. Nyama ya soya ya m'mapaketi anayesa kamodzi, Lackson n'kuikankha.

"Imeneyi ikufanana nayo kwambiri."

"Pepani bwana. Sitibwerezanso."

Pasanathe masabata awiri bala la paphewa linauma, masaya anayamba kubwerera. A Nambewe ankauza aliyense wobwera kubutchala kuti chiwindi cha mbuzi n'choposa jakisoni.

"Auzeni," Martina anamuchonderera tsiku lina, mutu uli paphewa lake labwinolo. "Ine kubisala kumeneku sindikukufuna. Ndikuoneka ngati wakuba, chonsecho ndikudyetsa mwamuna wanga."

"Chinkhoswe chidutse kaye. Amayi akamva kuti ndikutaya nyama yawo n'kumadya zako, ndiye kuti ndawapatsa ndodo yokukwapulira."

"Nanga akamva kwa ena?"

"Amva kwa yani?"

Lackson ankamukonda Martina ndi mtima wonse, zimenezo palibe angatsutse. Koma ankaopanso amayi ake ndi mtima womwewo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

*

Everlyn sanali munthu wotaya mtima msanga. Chinkhoswe si ukwati, ankatero kwa makasitomala ake akuwaluka tsitsi. Lachisanu lina anatseka saluni, n'kukazinga chiwindi ndi anyezi ndi tsabola wobiriwira, kuika m'mbale yagalasi ya maluwa, ulendo kwa a Nambewe.

"Ndati ndidzaone odwala," anatero akugwada mwaulemu umene sankauonetsa kwina kulikonse.

Lackson anathokoza, n'kunena kuti adya chikazizira. Everlyn anatsanzika, koma atafika pamsewu anakumbukira kuti wasiya ambulera. Pobwerera anasuzumira pampanda wa udzu. Anaona Lackson atagwira mphuno ndi dzanja limodzi, dzanja lina likukhuthulira chiwindi chonse pansi, Mwatitha akugwedeza mchira ngati wolandira malipiro a mwezi.

Everlyn anatola chidutswa cha njerwa n'kugenda. Galu analira kwee, kuthawa ndi miyendo itatu.

"Chiwindi changa! Ndaphikira galu ine?"

"Everlyn, m'mimba mwandivuta lero."

"M'mimba? Munthu wa m'mimba amanenepa chonchi? Ukudya kuti, Lackson?"

Lackson anatola mbale n'kulowa nayo m'nyumba. Koma mkazi wansanje safuna yankho, amafuna tsiku limodzi lokha. Mawa lake anamutsatira chapatali mpaka kuchigayo, n'kuona zonse: bakuli, kuseka, ndi dzanja la Martina likupukuta pakamwa pa Lackson.

Anakamudikirira pasiteji ya kabaza. Martina atangofika, Everlyn anamukoka bulauzi chakumbuyo mpaka mabatani kuthothoka.

"Iwe tenanti! Ukumuthirira chiyani mwamuna wa eni?"

"Eni ake ndani? Ndisiye."

Mbama ya Everlyn inalira phaa patsaya la Martina! Anthu a minibasi anasiya kuitanira. Martina anaika bakuli pansi mosamala ngati muli mazira. Everlyn anaiwala kuti manja oluka tsitsi la mesh ndi manja onyamula matumba a nyemba si amodzi. Martina anamugwira dzanja, kulipotokola mpaka kumsana, n'kumukankha. Everlyn anakagwera m'beseni la tomato wa mayi wina, miyendo m'mwamba, wigi ili poteropo. Siteji yonse inafa ndi phwete.

Anadzuka tomato akuchucha m'khosi, mlomo ukutuluka magazi.

"Seka lero," anatero akuloza Martina ndi chala. "Udzabweranso pa Nathenje pano."

*

Madzulo omwewo Everlyn anali m'khitchini mwa a Nambewe, akulira misozi yeniyeni, pakuti manyazi amapweteka kuposa mbama.

"Amayi, mwana wanu anamudyetsa. Nyama yanu yonse imathera galu. Iye amakadya kuchigayo za m'bakuli la mtsikana uja. Mwamuna wabwinobwino angakane chakudya cha mayi ake?"

A Nambewe anatuluka panja. Anayang'ana Mwatitha, amene anagona pafupi ndi nkhokwe mimba ili tantha. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Masabata onsewa ankadzuka m'mamawa kusankha nyama yabwino, kukaniza makasitomala chiwindi, kuti mwana wawo achire. Zinawapweteka mpaka m'mafupa, ndipo munthu wopwetekedwa chonchi amalandira msanga bodza limene lamuchotsera mlandu. Kuti mwana watopa ndi kuphika kwawo, ayi. Kuti wadyetsedwa mankhwala achikondi, zimenezo zinamveka.

"Amabwera liti?" anafunsa a Nambewe.

"Lachiwiri."

"Usauze munthu. Ngakhale iyeyo."

*

Kwa Martina, mayi ake anali atatulutsa kalongonda amene anachokera kumudzi. Amene sadziwa kalongonda amve: ndi nyemba zikuluzikulu zimene anthu a ku Mulanje amazikonda, koma zimafuna ulemu. Umaziwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi akuda bii, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wake wonse utatha. Ukachita changu, wodyayo amazungulira mutu ngati woledzera. Ukaphika bwino, palibe nyemba yokhutitsa ngati imeneyo. Martina anayamba Lolemba m'mawa, nkhuni zinatha mtolo wathunthu.

Mchimwene wake Jones, woyendetsa kabaza, ndiye anamunyamula Lachiwirilo. Njira yonse ankang'ung'udza.

"Mwamuna wodyera kuseri kwa chigayo ngati khoswe, ameneyo ndi mwamuna? Wamenyana kale ndi munthu chifukwa cha iye."

"Achimwene, kwatsala masiku anayi okha."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndanena ine. Ndikhala pasiteji, ukachedwa ndikutsatira."

Kuchigayo Lackson anali atafika kale. Martina anavundukula bakuli monyadira.

"Lero mulawe za kwathu."

Asanatenge ngakhale nyemba imodzi, udzu unaphwanyika kumbuyo kwawo. Anatulukira a Nambewe, Everlyn, ndi amuna awiri osenda mbuzi kubutchala, ma epuloni awo ali magazi okhaokha. A Nambewe analanda bakuli n'kusuzumiramo. Nyemba zonenepa, zakuda, zimene sanaziphikepo chibadwire.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi kalongonda, amayi," anayankha Martina atagwada.

"Kalongonda!" anakuwa Everlyn. "Si uja amapengetsa anthu? Mwamva nokha! Wavomera ndi pakamwa pake!"

"Amapengetsa akapanda kupsa. Uyu ndaphika dzulo lonse. Bweretsani ndidye ndine, muone."

"Mankhwala savulaza mwini wake," anatero a Nambewe. "Mugwireni."

Amuna aja anamugwira mikono uku ndi uku, n'kumukoka. Nsapato imodzi inatsalira pamuzu wa mango. Lackson anathamangira kutsogolo kwawo.

"Amayi, musiyeni! Sanalakwe!"

"Iwe khala chete. Si iwe ukuyankhula, ndi zimene unadya."

Apa ndi pamene Lackson akanati anene zonse. Mawu anafika pakhosi. Koma anayang'ana amuna a kubutchala aja, anthu amene anasenda nawo mbuzi kuyambira ali mwana, n'kuganiza mmene adzamusekere kuti mwana wa mwini butchala akuopa fungo la nyama. Anameza mawuwo. Anangotsatira pambuyo akubwereza kuti musiyeni, musiyeni, ngati nyimbo yopanda mutu.

*

Pofika pakhomo pa a Nambewe anthu anali atadzaza mpanda. Nkhani ya kudyetsa imathamanga kuposa minibasi. Amayi a tomato, oitanira, ngakhale ogula amene anangotsika kuti agule kabichi, onse anali pomwepo. Amuna aja anamukhazika Martina pansi pakati pa bwalo, bakuli patsogolo pake.

A Nambewe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya chiwindi cha m'mawa, mafuta atagwirana pamwamba.

"Anthu inu mukhale mboni," anatero. "Ine sindinamizira mwana wa munthu. Lackson, ngati sanakudyetse, idya ichi. Chakudya cha mayi ako. Ukamaliza mbale iyi, mtsikanayu apita kwawo ndi ulemu, Loweruka ndidzavina ndine pachinkhoswe."

"Adye! Adye!" gulu linavomereza.

Martina anadzutsa mutu. "A Laki, musadye. Ingonenani zoona."

Lackson anayang'ana mbale, anayang'ana Martina, tsaya lake litatupa kale pomwe wina anamugunda ndi chigongono panjira. Anaganiza kuti kumeza n'kosavuta kuposa kuyankhula. Mbale imodzi yokha, zonse zitha. Anatenga nthuli yoyamba, kutafuna, kumeza. Yachiwiri. Thukuta linayamba kutsika. Pa yachitatu fungo lija linamukwera m'mphuno, fumbi, dzuwa, chikwanje chikutsika. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, koma zinakanika. Anagwada n'kusanza zonse pamapazi a amayi ake.

Kenako Everlyn anakuwa.

"Mwaona! Mankhwala akukana chakudya cha mayi ake!"

Sizikudziwika amene anayamba. Chibuma cha dothi chinamuphulikira Martina pamsana. Mayi wina anamukoka tsitsi n'kumugwetsa chagada. Everlyn anamukhalira pamimba, kumumenya mbama uku ndi uku, kwinaku akumutapira kalongonda n'kumupaka kumaso.

"Idya! Idya ufiti wakowo!"

Wina anathyola nsungwi pampanda. Inalira pamiyendo ya Martina kawiri, katatu. Mtsikanayo sanalire mokweza. Anangophimba mutu ndi manja, magazi akutsika pachipumi pomwe mwala unamupeza.

Lackson anadzuka akudzandira. Anamukankha Everlyn mpaka kukagunda mtondo, n'kudzigwetsa pamwamba pa Martina. Nsungwi imene inali kale m'mwamba inatsikira pa iye, m'nthiti momwe anasokedwa. Anamva chinthu chikung'ambika. Shati yake yoyera inafiira mbali yonse.

"Ndipheni ine!" anakuwa. "Sanandidyetse! Nyama imandinunkha, amayi! Chindikhapireni anthu aja, ndikamva fungo la nyama ndimamva magazi anga! Ndakhala ndikupatsa galu chifukwa ndimakuopani! Ndikanafa ndi njala m'nyumba mwanu muno pakanapanda mtsikana ameneyu!"

Wogwira nsungwi anaitaya. A Nambewe anaima pakamwa pali yasa, akuyang'ana magazi a mwana wawo akudontha pafumbi.

Nthawi yomweyo njinga zamoto zinayi zinalowa mumpanda osaima pachipata. Jones anadumpha injini isanazime, tcheni chili m'manja. Ataona mlongo wake ali pansi, sanafunse funso. Tchenicho chinamupeza wosenda mbuzi mmodzi pakamwa, mano awiri n'kugwa. Mnzake anasolola mpeni wa kubutchala, koma akabaza awiri anamugwetsa n'kumupondaponda dzanja mpaka anautaya. Anthu anabalalika, ena kudumpha mpanda, ena kugwetsa nkhokwe. Everlyn anathawira m'bafa n'kudzitsekera.

Jones anamukankha Lackson ndi phazi kumuchotsa pa mlongo wake.

"Alamu, ndanena zoona," anatero Lackson akupuma movutikira. "Ndawauza onse."

"Wanena liti? Atamaliza?"

Ananyamula Martina ngati mwana, kumukhazika panjinga, mnzake n'kukhala kumbuyo kuti amugwirire. Martina sanatembenuke.

*

Lackson anasokedwanso tsiku lomwelo. Mauthenga ake onse kwa Martina ankangoonetsa kuti afika, osawerengedwa.

"Uli bwanji?"

"Ndiyankhe chonde."

"Ndinalakwa. Ndine wamantha. Ndiyankhe ngakhale kunditukwana."

Lachinayi anazemba pakhomo, kukwera kabaza, bampu iliyonse ikumubaya m'nthiti mpaka ku Mitundu. Atafika pa esiteti anaona zimene sanayembekeze. Panja pa nyumba ya makolo a Martina panali matumba omanga, mphasa zokulunga, nkhuku zitamangidwa miyendo. Bambo ake a Martina, a Chipulumutso, anakhala pampando akumanga mpini wa khasu ndi luzi. Lackson anagwada patali.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa."

A Chipulumutso sanamupatse mpando.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndalima fodya pano," anatero osakweza mawu. "Sindinakanganepo ndi munthu. Dzulo akazi a pa esiteti akana kutunga madzi pamjigo umodzi ndi mkazi wanga. Akuti ndife odyetsa anthu. Wina waponya mwala padenga. Kapitawo wabwera, akuti bwana safuna phokoso, tichoke nazale ya fodya isanawokeredwe. Lole ya ku Mulanje ibwera Loweruka masana."

"Loweruka? Koma bambo, Loweruka ndi..."

"Ndikudziwa chimene chinali Loweruka."

Chitseko chinatseguka. Martina anatuluka akutsimphina, bandeji pachipumi, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Lackson ataona nkhope imeneyo misozi inangotsika yokha. Anakhala pakhonde patali naye, manja pamiyendo.

"Martina, ndawauza. Anthu onse anamva."

"Anamva munthu wodyetsedwa akuteteza womudyetsa. Mukuganiza kuti ku Nathenje akunena chiyani lero?"

Lackson anagwetsa nkhope. Ankadziwa. Ngakhale amayi ake, amene analira usiku wonse ndi shati ya magazi m'manja, m'mawa mwake anali akufunsa za sing'anga wa ku Diamphwe wodziwa kusanzitsa.

"Ndinakupemphani kangati kuti munene?" Martina anapitiriza. "Mukananena kukhitchini, kwa amayi anu okha, bwenzi atakalipa tsiku limodzi basi. Munasankha kumeza chiwindi. Ine ndimakukondani, a Laki, mpaka pano, ndipo zikundipsetsa mtima kuti ndimakukondani. Koma sindingalowe m'banja limene ndikapatsa mwana wa mnzanga chigumu, mayi ake azikamutaya."

"Tithawe. Tipite ku Lilongwe, tikakhale awiri."

"Ndithawe ndalakwa chiyani? Ndipo makolo angawa dzina lawo litsale m'matope?"

"Ndiye ndichite chiyani? Nena chilichonse."

Martina anayang'ana bambo ake. A Chipulumutso anagwedeza mutu kuti anene. Zinaoneka kuti anali atakambirana kale.

"Mawa ndiyamba kuwiritsa kalongonda wina," anatero Martina. "Loweruka m'mawa ndikamuika pabenchi yanga mumsika wa Mitundu, anthu a pa esiteti ndi a ku Nathenje akuona. Amayi anu anakuyesani ndi mbale pamaso pa gulu. Nawonso abwere pamaso pa gulu, akhale pansi, adye m'mbale imodzi ndi ine mpaka itatha. Akatero, kapitawo wavomera kuti tikhale, ndipo ankhoswe akhoza kukumana masana. Akapanda kubwera, ine ndikwera lole."

"Martina, amayi amakhulupirira kuti chakudya chimenecho chiwapengetsa. Sangalole ngakhale kuchinunkhiza. Ndidye ndine, mbale khumi ngati ukufuna."

"Inu mwadya kale zanga zambiri," anatero Martina akudzuka mogwirira khoma. "Yatsala ndi mbale ya amayi anu. Muli ndi mawa lokha loti muphunzire kuyankhula nawo."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Chipulumutso anaponya khasu lija pamwamba pa matumba, n'kuitana Jones kuti ayambe kuzula malata.